Masamba Pamsewu wa kwa Nazombe

Loweruka, mwezi wa Juni.

Thupi lonse likuphwanya. Lero ndapalasa njinga kuchoka ku Fort Lister mpaka kwa Nazombe ndi Yamikani, mnzanga wa ku Blantyre wokonda misewu yafumbi. Miyala, zitunda ndi mphepo ya ku Michesi ndinazipirira. Chandifoola ndi china.

Tikutsetsereka, tinapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Wobadwira kuno aliyense amadziwa kuti pamenepo pali maliro: umatsika, n'kuvula chipewa, njinga n'kumaikankha. Ine masambawo ndinawaona bwinobwino. Koma Yamikani anali atadutsa kale, maso ali pa foni yowerengera mtunda, ndipo ndinachita manyazi kutsalira. Ndinawaponda ndi matayala.

Bambo wina wachikulire anadzuka pagulu la anthu amene anakhala m'mbali mwa msewu. Sanakalipe. Anangoti, "Uyo ndi mlendo, msiyeni. Nanga inu, mwana wa malemu a Nasimango, mwasanduka liti mlendo kwanu konkuno?"

Ndinatsika, koma mochedwa. Womwalirayo ndi mayi amene ankagulitsa nandolo pamsika limodzi ndi amayi anga, ndipo ankandibereka kumbuyo amayi akatanganidwa.

Mawa akukaika maliro. Ndipita wapansi. Koma ndikafika, ndikayamba bwanji kupereka moni...