Kamzere Pakati pa Pech ndi Canul

Lolemba, 16 Okutobala

Mzinda wa Mérida watentha ngati uvuni, ndipo pamwamba pake andisenzetsa ntchito yonyansa: kulemba mawu otamanda bwana wathu, a Dokotala Evaristo Canul, oti ndikawerenge paphwando lawo Lachisanu. Akuti pa matenda a shuga palibe wina kuno amene kafukufuku wake amatchulidwa kwambiri ndi akatswiri anzake kuposa iwo. Andisisita paphewa. "Mwana wanga, iwe cholembera chimakumvera." Imvi zayamba kale koma ndidakali "mwana wanga".

Januwale ndi iwowa adzanene ngati ndikhalabe pantchito. A komiti akuti kafukufuku wanga satchulidwa mokwanira. Ndiye ndilemba, nditani.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Ndatsegula tsamba la abwana la pa intaneti kuti nditolepo zowatamandira. Mseru. Pepala la kafukufuku lomwe lili pamwamba penipeni, lotchulidwa kuposa onse, ndi langa, la azimayi oyembekezera a kwathu ku Tekit. Magazi ndinkatenga ndekha, insulini ndikuyenda nayo pabasi m'bokosi la ayezi. Abwanawo ku Tekit sanapondeko, fumbi limawayetsemulitsa.

Azungu osindikiza magazini a kafukufuku sadziwa kuti kuno munthu amakhala ndi mayina awiri, la bambo kutsogolo, la mayi kumbuyo. Anaona dzina langa, Eneida Pech Canul, n'kutaya Pech ngati khoko la nthochi, n'kulemba "Canul E." Makina nawo n'kuunjika zonse kwa Canul E. wamkuluyo. Mapepala anga onse ali m'khola mwawo. Sitili pachibale n'komwe, a Canul kuno achuluka ngati nyerere.

Lachitatu, 18 Okutobala

Rutilio, mnzanga wa mu ofesi, waseka mpaka misozi. Iye akuti anachenjera kalekale, amaika kamzere pakati pa mayina ake kuti azungu asadule. Kukonza akuti n'kosavuta, kungowauza eni tsamba, koma nambala yosonyeza kuti abwana atchulidwa kangati idzaphwa ngati tayala. "Mayi, dikirani Januwale adutse. Dzina silidyedwa."

Ndinapitabe kwa abwana. Uchitsiru wanga, ndimati mwina sakudziwa. Sanadzidzimuke ngakhale pang'ono. Anati tonse ndife banja limodzi, mtengo ukakula amene amakhala pamthunzi ndi ife tomwe. Kenako anafunsa ngati mawu aja ndamaliza, uku akutokosa m'mano ndi kona ya envelopu.

Lachinayi, 19 Okutobala

Ndamaliza. Ndasamba m'manja kawiri.

Lachisanu, 20 Okutobala

Phwando la katswiri wa shuga: keke ya nsanjika zitatu, mabotolo a zotsekemera ndandanda, madokotala akunyambita zala. Ndinawerenga mawu aja osaphonya, pakamwa pakuwawa ngati ndatafuna kwinini. Abwana ataimirira anagwetsa msozi pokumbukira "azimayi anga osauka a ku Tekax". Tekax. Ngakhale dzina la tauni sakulidziwa. Anthu m'manja phwaphwaphwa, nanenso ndinawomba, ndipo chimenechi ndiye chikundinyansa kuposa zonse.

Loweruka, 21 Okutobala

Ku Tekit, kwa amayi anga a Fidelia. Ndawatsuka bala la kuphazi kuja anadula zala ziwiri chifukwa cha shuga. Likuuma bwino, koma ndapeza mabisiketi pansi pa pilo, takangana.

Ndinawafotokozera za kuntchito ngati nthabwala. Sanaseke. Anandikumbutsa kuti ndi iwo ankayenda khomo ndi khomo kunyengerera azimayi aja kuti alole kubayidwa, powalonjeza kuti ndi ntchito ya mwana wa Fidelia. "Canul ameneyo ndi wanga, wa malemu bambo anga. Ndinapatsa iwe. Dokotala wakoyo ndinam'bwereka liti?" Nditatchula za Januwale anangoti mbewa ya manyazi inafera ku una, n'kutembenukira kukhoma. Chakudya chamadzulo anakana kudya nane.

Lamulungu, 22 Okutobala

Ndatumiza uthenga kwa eni tsamba aja. Pech-Canul, ndi kamzere kake.

Lachinayi, 26 Okutobala

Eni tsamba asintha m'mawa uno. Mapepala onse abwerera kwa mwini wake, ndipo nambala ya abwana yatsala yoti munthu n'kuimvera chisoni. Rutilio watsala pang'ono kulowa m'kompyuta, sakundiyang'ana, ngati ndili ndi mphere.

Masana abwana anaima pakhomo. Paphewa sanandigwire.

"Dokotala Pech-Canul," anatero, akupumira pakati kuti kamzere kamveke. "Januwale desiki iyi tikuifuna."

Mankhwala a amayi, lendi, zonse zinadutsa m'mutu. Koma mseru uja wa kuyambira Lachiwiri ndinaufunafuna, osaupeza.

"Ndamva, Dokotala," ndinatero. "Ndipo mwalitchula bwino."