Timagalimoto ta m'bokosi la Khirisimasi

Blacktown, Sydney

Okondedwa achemwali anga a Litiana,

Moni nonse kumeneko pachilumba cha Kadavu. Kodi muli bwanji? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Kalatayi ndapatsira msuweni wathu Inoke chifukwa foni yanu sikupezeka chiwombereni mphepo yamkuntho ija, ndipo nkhaniyi singadikire.

Ife kuno tilipo, koma mwana wanga Semesa sali bwino. Mwezi wathawu anayamba kukana chakudya, ngakhale nsomba yophikira kokonati imene amaikonda ija. Ankangolira atagwira pamimba. Timawu timene anali atayamba kutchula anangotisiya. Bambo ake ankandiseka kuti ndine wamantha, akuti mwanayu watengera kwawo, kumene amuna satsegula pakamwa pokhapokha chakudya chikafika. Ndinkaseka nawo. Masiku ano iwo saseka.

Kuchipatala anamutenga magazi ndipo anapezamo mtovu wambiri. Ndinafunsa adokotala kuti chitsulo chingalowe bwanji m'thupi la mwana wa zaka ziwiri. Anati mtovuwo umakhala mu penti wina, ndipo mwana akamaluma chinthu chopakidwa pentiyo amaumeza pang'onopang'ono. Akuti ulibe fungo, ndipo ana ambiri saoneka n'komwe kuti akudwala pamene ubongo ukuwonongeka. Nditafunsa ngati Semesa adzayambirenso kuyankhula, adokotalawo anayang'ana kaye pansi, kenako anati tiziona mmene zizikhalira.

A zaumoyo anabwera kunyumba ndi kamakina koyezera. Anayeza makoma, mawindo, madzi a pampopi, dothi la kuseri, osapeza kanthu. Akutsanzika, mmodzi anaona Semesa akutafuna kagalimoto kake kamatabwa. Atakayeza, nkhope yake inasintha. Sanam'bwezerenso mwana, ngakhale ankalira mpaka kudzigwetsa pansi.

Achemwali, timagalimoto timeneti mukutidziwa. Bambo a Semesa anagula thumba lathunthu pamsika wa zinthu zakale, tofiira ndi tachikasu, ndiye tinagawa pawiri. Tinato ndi tija tinabwera kwanuko m'bokosi la Khirisimasi. Pa chithunzi chimene munanditumizira, mwana wanu Torika wakhala pamphasa, kachikasu kali m'kamwa. Munalemba kuti mano akumuyabwa ndipo sakasiya ngakhale pogona. Ndachiyang'anitsitsa chithunzicho. Kutsogolo kwa kagalimotoko penti anatha kale, kukuoneka thabwa lokha.

Pempho langa ndi limodzi: tolani timagalimototi tonse. Kutsuka sikuthandiza. Musatiwotche, akuti utsi wake ndi woopsa, ndipo musatikwirire pafupi ndi munda wa chinangwa kapena kutitaya m'nyanja. Timangeni m'pepala la pulasitiki, mumupatse Inoke, ndamuuza kale chochita akafika nato ku Suva. Torika mupite naye kuchipatala ku Vunisea ngakhale akuseka ndi kusewera bwinobwino. Mukatchule mawu oti mtovu, mukapemphe kuti amuyeze magazi.

Ndikudziwa kuti amayi akana. Anena kuti mphatso satayira kudzala, atibisa m'sutikesi mwawo muja, kenako adzapatsa mdzukulu wina ife titaiwala. Muwauze kuti ndine ndanena, andikwiyire ine. Munanenanso kuti tina munagawira ana a ku Sande sukulu. Muyende khomo ndi khomo, achemwali, ngakhale anthu akunyozeni kuti mukulanda chimene munapereka nokha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga, kwa amalume a Sairusi ndi banja lawo, ndi kwa azakhali a ku Namalata. Muwauze azitikumbukira m'mapemphero. Za kuyankha musavutike nazo panopa. Ikani pepalali pansi, mukaone chimene Torika wagwira m'manja.

Ndine mng'ono wanu,
Vasiti