Mipando Yofulatirana

Lolemba, 9 Juni

Ndachokera kuchipatala. Dokotala wa makutu, mwana woti ndikanatha kumuphunzitsa kulemba kalata, anandiveka zomvera kumutu nandiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Ndinakhala manja ali pamiyendo mpaka anabwera kudzandivula yekha. Akuti khutu lamanzere linatha kale, lamanja likulondola mnzake, ndipo silibwerera. Kachipangizo kothandiza kumva kaliko, koma ndidikire miyezi, ndiponso ndisayembekezere zambiri. Anayankhula akuyasamula ngati akudyetsa khanda. Ndinamuthokoza. Mumtima munali zii. Chimene ndinaona n'chakuti kolala ya malaya ake inali yosasita.

Chakudza sichiimba ng'oma, amatero akale. Ngakhale chikanaimba, ine sindikanaimva.

Masana ndinapita kukaphunzitsa monga mwa masiku onse, m'chipinda chathu cha pamwamba pa sitolo ya utoto. Mipando ya pulasitiki, bolodi lothyoka pakona, fungo la utoto lokwera masitepe pamodzi ndi ana. Achinyamata awa akukonzekera mayeso a Chingerezi, ena akusaka kale ntchito. Chaka chathunthu ndakhala ndikuwamvera ndi maso, pamilomo, ndipo palibe akudziwa. Amene mawu ake andiphonya ndimamuuza kuti, "Yankhula ngati munthu amene wadya," ndipo amabwereza akunjenjemera. Ukali ndi chofunda chabwino.

Woyang'anira sukuluyi anandiimika pamasitepe. Akuti kuyambira Lachitatu ana aziyeserera kuyankha lamya ya mu ofesi: awiriawiri, mipando yofulatirana, kuti asaonane nkhope, monga zikhalira pa lamya yeniyeni. "Ndi zimene mabwana akufuna masiku ano, Madamu." Ndinavomera ndi mutu.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndachonga zimangirizo tsiku lonse. Pepala silinong'ona.

Lachitatu, 11 Juni

Mipando yafulatirana. Ine ndinayendayenda m'mbali, manja kumbuyo, kutola mawu pakamwa pamodzi, kusiya, kupita pena. Zinatheka.

Mnyamata wotchedwa Wamtali, amene Mulungu anamupatsa miyendo m'malo mwa manyazi, anavula nsapato n'kuiika kukhutu. "Halo? Halo? Madamu, netiweki ikuvuta!" Ndinaona mano a kalasi yonse. Ndinamuuza kuti bwana amene adzamulembe ntchito ndidzapita ndekha kukamupepesa. Anavala nsapato.

Mmodzi anatsala wopanda mnzake: mwana wa telala. Mtsikana ameneyu amalemba Chingerezi choyera kuposa onse amene ndili nawo, koma akati ayankhule amazolika mutu n'kumatafuna mawu. Kwa ine ndiye wovuta koposa. Anati, "Madamu, ndichite ndi inu?" Ndinamuika pagulu la atatu, ndikuti mphunzitsi si chidole.

Lachinayi, 12 Juni

Mpongozi wanga anandipeza m'khitchini ketulo itauma pamoto. "Amayi, ketulo yalira mpaka kusasa mawu, inu muli pomwepa!" Ndinati ndimalingalira zina. Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera.

Patebulo mwana wanga ananena kanthu mutu uli m'mbale, onse anaseka. Ine ndinapitiriza kudula nyama yanga. Kenaka anadzutsa mutu: "Amayi, bwanji osangopuma? Mwaphunzitsa zokwana." Ndinati ndidzapuma tsiku limene iye adzalembe uthenga wokhala ndi chiyambi ndi mathero.

Akadziwa, andikhazika pakhonde ndi bulangete pamiyendo. Woyang'anira adzandipatsa mbale yagalasi ndi mawu othokoza, naika pamalo panga mnyamata wodziwa kuseka ndi ana. Chipinda chija ndi malo okhawo otsala amene ndikalowa anthu amaimirira. Ndalemba zimenezi kuti ndione ngati zindipweteke. Sizinandipweteke.

Lachisanu, 13 Juni

Mwana wa telala anaimirira phunziro lisanayambe, pamaso pa onse. Kampani ina ya malole onyamula katundu ikufuna munthu wolandira alendo ndi kuyankha lamya. Amuimbira Lachiwiri masana, amufunsa mafunso m'Chingerezi, ndipo akayankha bwino ntchito ndi yake. Anati, "Madamu, chonde mukhale inu bwanayo. Anzangawa amangondiseketsa. Inu ndiye mumaopsa ngati bwana weniweni." Ana anaomba m'manja. Wamtali anali atanyamula kale mipando iwiri.

Pothawira panalibe. Ndinakhala, msana wanga kumsana wake. Kutsogolo kwanga kunali khoma, ndi nyerere zikukwera mumzere.

Ndinafunsa m'Chingerezi chimene anandiphunzitsa aphunzitsi anga, chokhala ndi mutu ndi miyendo. Tiuze za iwe. Chifukwa chiyani ukufuna ntchito imeneyi? Kumbuyo kwanga kunalibe liwu. Koma mipando inali itagundana, ndipo iye akamayankhula pulasitiki inkanthunthumira pang'ono pamsana panga. Ikaleka, ndinkafunsa lina. Ndinafunsa za kasitomala wokwiya amene katundu wake wachedwa: umuuza chiyani? Mpando unanthunthumira pang'ono, n'kuleka. Pang'ononso, n'kuleka. Ndinadikira monga adikirira munthu waulemu, ndipo ndinapitirira.

Titatha anatembenuka, maso ali onyowa. Kalasi yonse inali kuyang'ana pakamwa panga. Sindikanakonza chimene sindinachimve. Ndinati, "Wachita bwino."

Pa zaka zanga zonse za choko, mawu amenewa sanatulukepo m'kamwa mwanga opanda "koma" pambuyo pake. Wamtali anagwira pakamwa. Mtsikana anatuluka akuthamanga, kuiwala chikwama.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi ndinaimirira anthu ataimirira, ndinakhala atakhala.

Lolemba, 16 Juni

Pa nthawi yopuma Wamtali anali kuchita sewero pakona, osadziwa kuti wayang'ana kumene ndinali. Anapinda manja ngati wopempha: "Madamu, ndaiwala, bwerezani chonde!" Kenaka anaumitsa khosi, kukweza mphuno, kuyang'ana khoma. Ameneyo ndinali ine.

Ndinamuitana. "Ukuyerekeza chiyani?"

"Pepani Madamu, ndi za Lachisanu zija." Anakanda m'mutu. "Funso la kasitomala lija mnzathu linamuuma pakhosi. Anakupemphani kuti mubwereze, m'chathu chomwechi, Chingerezi chitathawa. Inu zii. Anapemphanso. Inu zii. Kuyambira pamenepo anangoti pepani, pepani, mpaka kumapeto. Ife tinati lero wafa basi. Ndiye inu n'kuti wachita bwino! Tinadziwa kuti mumamuyesa mtima, kuti asathawe pampando. Ndinu akatswiri, Madamu."

Ndinamuuza kuti alowetse malaya m'buluku.

Mtsikanayo lero sanabwere. Mnzake akuti wanena kuti wakonzeka kale, poti Madamu avomereza palibenso choyeserera. Mayi ake amusokera bulauzi yatsopano. "Yoyankhira foni," anatero Wamtali. "Abwanawo akaionera m'khutu."

Ndinaphunzitsa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito. Ndinalemba pabolodi, ndinafufuta, ndinasamba m'manja. Ana andipekera bodza labwino kuposa limene ndikanapeka ndekha, ndipo ndingathe kukhalamo chaka china, mwina ziwiri. Ndinadya, chakudya sichinakome, sichinaipe. Lamya ilira mawa.

Lachiwiri, 17 Juni

M'mawa ndinavala jekete langa lakuda n'kupita kushopu ya telala. Kachipinda kopapatiza, zidutswa za nsalu pansi, madiresi a anthu atapachikidwa pachingwe. Mayiyo anali kupalasa makina, tepi ili m'khosi. Atandiona analumpha.

"Aphunzitsi! Iwe, mpando, mpando! Mwatilemekeza. Mwanayu chibwerereni Lachisanu sakuponda pansi."

Mtsikana anatulukira kuseri kwa nsalu atavala bulauzi ija, yoyera, ulusi wina usanadulidwe paphewa. Foni inali patebulo lodulira nsalu, pafupi ndi sizasi.

Sindinakhale. Ndinati, "Lachisanu sindinakumve. Ngakhale liwu limodzi. Makutu anga anatha."

Sindidziwa ngati ndinanena mokweza kapena motsitsa. Mayi uja anatula dzanja pamakina. M'shopu ya telala nkhani sigona. Pofika madzulo msewu wonse udziwa, mawa woyang'anira, mkuja mwana wanga. Ndinaziona zonsezi zili pamzere, ndipo ndinaziyang'ana monga ndiyang'anira mvula ya kutali.

Mtsikana anazolika mutu nanena kanthu. Ndinati, "Ukazolika, kwa ine sunayankhule." Anadzutsa.

"Ndiye mawu munanena aja, oti ndachita bwino?"

"Ndawalanda. Ukawafuna uwagwirire ntchito. Tili ndi m'mawa uno wokha."

Ndinaganiza kuti alira, kapena andiuza mawu amene ndikanayenera kuwalandira. Mayi ake anati, "Iwe, yankha aphunzitsi." Iye anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Nanga mundimva bwanji, Madamu?"

"Pamilomo."

Kenaka anakoka kampando kake mpaka pakhomo, pamene dzuwa limalowera, nakhala moyang'anana nane, chibwano m'mwamba.

"Apa mukuona?"

Ndinati ndikuona. Ndinafunsa za kasitomala wokwiya. Anayamba, napunthwa pa chiganizo chachiwiri, ndipo ndinachiona chonse bwinobwino. "Ayi. Yambanso. Usapepese kawiri, pepesa kamodzi, umuuze chimene uchite." Anayambanso. Ndinamuphunzitsa kupempha bwana kuti abwereze funso, m'Chingerezi, mopanda manyazi. Makasitomala awiri anabwera kudzayesa zovala, mayi anawabweza pakhomo ndi dzanja. Pofika nthawi ya chakudya yankho linali litaima ndi miyendo yake. Sindinamuyamikire. Sanafunse.

Tsopano ndikulemba pakona ya tebulo lodulira nsalu. Mtsikana wapita kukasamba m'maso. Makina aima. Foni ili pakati pa ine ndi sizasi, chagada. Mayi ake asendeza mpando pafupi ndi wanga, akuti ikalira andigwira paphewa.

Ndawalola.