Chiliza chanu chikadali kuseri kwa nyumba, bambo

Lero zakwana zaka khumi ndi chimodzi, bambo, chiphulikireni bomba lija pageti la asilikali achilendo, inu muli pamzere ndi kachikwama kanu ka malumo. Munkapita kukawameta Loweruka lililonse. Patapita chaka asilikaliwo anapakira katundu n'kubwerera kwawo, koma anatisiyira mkangano woti kubwera kwawo kunapindula kapena kunalephera. Mkangano umenewu walowa m'nyumba mwanu, ndipo tikulemba izi nkhope zili pansi.

Inu munkaudziwa bwino, chifukwa unkaswera pabenchi la m'shopu yanu. Wina ankati alendowo anatichotsera wolamulira wankhanza n'kutsegula ndende, mnzake n'kumati anangogwetsa milatho ndi kudzaza manda. Munkangoseka ndi m'mapewa momwe, kenaka amene wakweza mawu kwambiri munkamuitanira pampando, kumupaka thovu mpaka pakamwa, n'kumuuza kuti asagwedezeke poti lumo lili pakhosi. Anthu ankatuluka osalala zibwano, aliyense akukhulupirira kuti muli mbali yake. Ife ana munkatiuza kuti tizitsutsana mmene tingathere, koma nthawi yakudya ikakwana tizikhala patebulo limodzi. Malangizo amenewa tinawamva ndi khutu limodzi.

Chaka chachiwiri chimwalirireni inu amayi anagula chiliza, ndipo wosema anafunsa mawu oti alembe pansi pa dzina lanu. Achimwene anati alembe kuti munafera ufulu. Sitingawanene, chifukwa iwo anatuluka m'ndende tsiku limene alendowo analowa mumzinda, mano akutsogolo atatsala komweko. Achemwali anati alembe kuti munaphedwa ndi nkhondo imene sitinaiitane. Nawonso sitingawanene, chifukwa zaka zonse zija ankalandira ovulala kuchipatala, ndipo ndi iwo amene anakuzindikirani pakati pa mitembo. Ine mzime wanu ndinkangovomereza amene wandiimbira foni pomaliza. Amayi atapempha kuti tilembe dzina ndi zaka zokha, onse awiri anakana, akuti kumeneko n'kubisa chilungamo. Chimenecho ndiye chinthu chokhacho chimene agwirizanapo chichokereni inu. Wosema anatopa nafe, anabweretsa mwalawo pawilibala n'kuutsamiritsa kuseri kwa nyumba, ndipo adzukulu anu amayanikapo nsapato.

Kumanda tinasiya kupitira limodzi. Achimwene ankadikira kuti amve zoti achemwali sapita, achemwali nawonso chimodzimodzi, ndipo mapeto ake palibe amene ankapita. Amayi maondo anawakana kalekale, choncho ankangotifunsa ngati talambula, ife n'kuyankha kuti inde. Azakhali, mlongo wanu, amalira akangomva fungo la sopo wometera, koma nawonso tinkawauza kuti zonse zili bwino. Nthawi yotsutsana za akasinja ndi mavoti tinali nayo yambiri, ya khasu ndiye inkatisowa.

Mwezi watha amayi anavala diresi lakuda la pamaliro anu lija, ananyamula maluwa, n'kukhala pakhomo mpaka titawatenga. Tinakwera galimoto imodzi kupita kumanda. Titafika tinapeza manda atakula mpaka kumpanda, mtengo umene tinkazindikirira malo anu unadulidwa, ndipo mtanda wanu wathabwa chiswe chinamaliza. Pamalopo panali mitumbira iwiri yofanana, yonse yomera udzu, yopanda dzina. Mlonda wa kumandako ndi watsopano, anangopukusa mutu. Achimwene anati muli kumanzere, achemwali anati kumanja, ndipo mawu anayamba kukwera ngati kale, uyu akuti ndi oukira otchera bomba anakuphani, uyo akuti ndi alendo anakubweretserani imfa. Amayi sanawadzudzule. Anagwada movutikira pakati pa mitumbira ija, anagawa maluwa pawiri, n'kuika theka uku theka uko. Kenaka anayamba kuzula udzu ndi manja, mbali zonse ziwiri. Achimwene, ndi imvi zawo zonse, analira ngati mwana, ndipo achemwali anagwada n'kuyamba kuzula nawo.

Za alendo aja sitinagwirizanebe, bambo, ndipo mwina sitidzagwirizana. A pawailesi apitiriza kuwerengera milatho ndi masukulu. Ife chimene tikudziwa n'chakuti bomba linatilanda inu kamodzi, koma malo amene munagona tinataya tokha, popanda msilikali aliyense kutigwira manja. Manyazi ake akutiwawa kuposa chisoni.

Loweruka likubwerali wosema abwera kudzatenga mwala uja. Alembapo dzina lanu ndi zaka zanu basi, monga amayi ananenera pachiyambi. Amayi akuti asankha okha mtumbira woti tiikepo, ndipo palibe amene watsutsa. Winawo tiziulambulanso, poti mwina ndi wanu. Ngati dzina lanu tiliika pamutu pa munthu wina, mutikhululukire, ndipo mutipepesere kwa mnansi wanuyo.

Akukulirani mkazi wanu, mlongo wanu, ana anu atatu ndi adzukulu onse. Malo anu anatisowa, bambo, koma inuyo sitidzakuiwalani mpaka tidzakupezeni.