Koilo ya vaneti ya ba Nkole

Chinayi, 8 August

Marjory 07:05
mwauka bwanji ba Whyson. ndine Marjory, mwana wa ba Nkole ku Matero. naikamo na Kalumba mlongo wanga mu group muno. ba tata banamwalila pa chiwili, 6 Aug, monga munamvela. tiika pa chiwelu 10hrs ku manda a Chingwere. vaneti yao, 404 ija, yakana kulila lelo m'mawa.

Marjory 07:06
ba tata banakamba kawili ku chipatala, pamaso pa ba mayo, kuti bokosi ikakwele m'vaneti yao, osati motoka ya ku parlour. ba yama ba Kasoma, mlongo wa ba mayo, bati ikapanda kulila pofika mailo pa chisanu 17hrs tibuka ya ku parlour. inu ndimwe mwaikonza kuyambila 1976.

Ba Whyson 07:41
🎤 1:52

Marjory 07:43
pepani, nili m'nyumba ya malilo na azimai, siningamvele. lembani chabe.

Ba Whyson 07:58
pepani ana anga. mwendo watupa, kuchoka kuno ku Garden sindingathe. Kalumba, ukapotokola kiyi ikutani?

Kalumba 08:00
batire inali flat zero. nabweleka ya minibus ya ba Benard. manje starter izungulila bwino koma siigwila

Ba Whyson 08:09
petulo?

Kalumba 08:10
half tank. pa carburetor inunkha

Ba Whyson 08:22
ndiye ndi moto. tsegula kapu ya distributor, kachikho kakuda komwe zingwe za mapulagi zimakumana. ona ngati rota ilimo. atate ako ankaichotsa. nthawi ya chipani chimodzi anyamata a chipani ankabwera kudzatenga vaneti kuti inyamule azimai okavina ku eyapoti. iwo rota m'thumba la jekete. anyamata kukankha mpaka pa msika, iwo ali pambuyo kudandaula nawo limodzi.

Kalumba 08:31
😂 mdala uja

Kalumba 08:36
rota ilimo

Ba Whyson 08:50
zula chingwe chapakati pa kapu, chochokera ku koilo. chigwire ndi nsanza youma, nsonga pafupi ndi chitsulo cha injini koma osakhudza. wina apotokole kiyi. pafunika moto wa buluu wolira kuti thwa.

Kalumba 09:14
palibe olo kang'ono

Kalumba 09:15
koilo yake yanyowa mafuta pamwamba, inunkha monga waya wopsa

Ba Whyson 09:29
kiyi inagona pati usiku?

Ba Whyson 09:47
Kalumba?

Marjory 10:02
nimuyankhile ine. malaiti anapita dzulo madzulo. azibambo ba ku church banali pa moto panja mu mdima. vaneti inayatsa nyali zake ku tenti, na cassette ya kwaya ya ba tata inalila mpaka kucha. wailesi ija silila kiyi ikalibe pa ON. banaimanga choncho ba tata.

Ba Whyson 10:20
ndiye basi. koilo imatenga moto wochepa wa batire nkuukweza kuti udumphe pa pulagi. mkati mwa distributor muli mapointi, tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka injini ikamazungulira. akatseka koilo ikudya, akatsegula ikulavula. injini ikaima mapointi ali otseka, kiyi ili ON, koilo imangodya osalavula. usiku wonse. yapsa. mapointi nawonso mudzawapeza akuda.

Kalumba 10:24
sinenze kudziwa. motoka za ku nchito unkhala na kiyi on tsiku lonse palibe vovuta

Marjory 10:25
palibe wakupatsa mlandu.

Kalumba 10:25
ba mayo ndiye bananituma. bati bafuna kumvela nyimbo za ba tata kuchokela pa mphasa

Marjory 10:26
niziba. ninaliko.

Marjory 13:40
Kalumba, azimai ba ku church bayamba kukamba ati motoka yakana chifukwa mwine wake ali na chakukhosi. ba mayo bamvela. sibanadye.

Kalumba 13:44
tibauze chabe kuti ni koilo

Marjory 13:45
bazafunsa chinaiocha n'chani. uzayankha bwanji?

Kalumba 13:58
ok

Chisanu, 9 August

Kalumba 09:12
nazunguluka town yonse. nikakamba koilo ya 404 baniseka. wina ati yesani ku museum

Kalumba 09:13
mapointi beve sibaziba na chamene nikamba

Ba Whyson 09:30
mapointi usagule. ngakhale zaka za m'ma 80 m'mashopu munalibe, tinkangopala. pempha kwa achemwali ako kafailo ka zikhadabo. pala mbali zonse ziwiri mpaka ziwale. kenako zungulitsa injini ndi dzanja mpaka atsegule kotheratu, mpata ukhale 0.4. ngati ulibe choyezera, katoni ya bokosi la machisa ilowe mokhula pang'ono.

Marjory 09:34
kafailo kali m'chikwama changa cha brown, ku bedroom ya ba mayo. tuma Ennie mwana wanga, iwe sungangene, muli azimai.

Kalumba 11:50
napala. viwala monga ndalama

Kalumba 11:52
ba yama banipeza na spanner. bati katundu ya womwalila sigwiliwa banja ikalibe kunkhala pansi. bati nayamba kale kusankha vanga

Marjory 11:55
wabayankha?

Kalumba 11:55
nanena chabe ati ba yama, koilo yopsa nimupatseni musunge

Marjory 11:57
Kalumba.

Marjory 12:31
nakamba nao. bavomela, koma chilichonse chochoka pa motoka uike mu dishi pamaso pao. ndipo 17hrs ni 17hrs, sibasintha.

Ba Whyson 12:48
pita ku Kanyama, kuseri kwa msika, ufunse Chisala wa zigoba za magalimoto. unene dzina langa. akayamba nkhani za mpira usamuyankhe, ungagone komweko.

Kalumba 15:05
ba Chisala balibe ya 404. bapeza ya Datsun 120Y. baiyesa pa batire, ilasa moto

Kalumba 15:06
📷

Ba Whyson 15:21
pambali pake panalibe kachinthu koyera ngati choko, ka mawaya awiri?

Kalumba 15:23
bati kanasweka kale

Ba Whyson 15:37
kameneko kamachepetsa moto wolowa mu koilo ya mtundu umenewo. popanda iko ilira ndithu, koma izitentha. ikatentha moto umafooka, injini imazima. ikazizira imadzukanso. itenge, palibe ina.

Marjory 15:39
izayenda mtunda bwanji ikalibe kuzima?

Ba Whyson 15:46
sindikudziwa mwana wanga. ndikanama.

Marjory 15:47
kuchoka ku Matero kupita ku mochale, kuchoka ku mochale kupita ku Chingwere. na bokosi, pang'onopang'ono, pa dzuwa.

Ba Whyson 15:55
nyamulani chigubu cha madzi ndi thaulo. thaulo lonyowa mukulunge thupi la koilo, pamwamba pa mawaya pasafike madzi. mukaima paliponse, kiyi OFF.

Marjory 16:40
uli pati?

Marjory 16:52
ba yama bankhala pa mpando pafupi na vaneti, foni m'manja.

Kalumba 16:58
jam pa Lumumba. nasika bus niyenda na mendo

Marjory 17:03
babuka ya ku parlour.

Kalumba 17:49
🎤 0:11

Marjory 17:50
namvela injini ilila na m'nyumba muno, sunafunike kutuma. azimai baleka kuimba.

Ba Whyson 17:56
ndamva. ndi iyeyo. ikugunda pang'ono koma musaigwirenso. zimitsa.

Marjory 18:15
ba mayo bapempha tiyi na buledi. bati bazakwela kutsogolo na Kalumba. ba yama bati ya ku parlour izabwela ndithu, izayenda kumbuyo. ikazima vaneti pa njila, bokosi isamuka pamene apo, palibe kukambilana.

Kalumba 18:17
ba mayo baziba vimenevo?

Marjory 18:18
iyai.

Chiwelu, 10 August

Marjory 07:30
tafika ku mochale na ba mayo, tabwela na bus ya church. basambika thupi 8. unyamuke 8:15, usafulumile kuiyatsa.

Kalumba 08:16
yalila one kick. tanyamuka na ba Benard, thaulo ili pa koilo

Ba Whyson 08:19
muyende bwino. muwauze anzanga a Nkole kuti mwendo ndiwo wandigwira.

Kalumba 08:41
yazima pa ma robot. koilo siigwilika

Marjory 08:42
ma robot ati?

Kalumba 08:55
yalila. tiyenda

Marjory 09:10
ba tata bavala suti ya grey. batseka bokosi.

Kalumba 09:18
yazima futi. apa sitinayende na patali

Ba Whyson 09:24
usaumirize starter, umaliza batire. dikira izizire. yang'ana mapointi ngati adanso.

Kalumba 09:26
ada

Kalumba 09:26
kafailo nasiya mu dishi ya ba yama

Marjory 09:28
pempha kwa mzimai aliyense pa njila. olo pa saluni.

Marjory 09:45
Kalumba

Marjory 09:52
bokosi yatuluka. motoka ya ku parlour yatsegula kumbuyo. abusa bali kale ku manda.

Marjory 09:58
📞 sanayankhe

Ba Whyson 10:01
mwina manja ali mu injini

Marjory 10:06
ba yama bauza anyamata banyamule. ba mayo bankhala pansi pakati pa bokosi na motoka. palibe afuna kubalumpha.

Marjory 10:07
ba driver bati bali na malilo ena 12hrs.

Marjory 10:15
Kalumba, nibauze kuti ubwela kapena subwela?