Mwala Umene Sindinaloze pa Mapu

16 Okutobala

Mphepo ya kumpoto. Sitima ya ku Incheon sinabwere. Mawondo ngati muli mchenga. Zaka 78, zilembo ndaphunzira dzana lomweli kuholo ya okalamba. Pakamwa ndimathamanga, pensulo imakwawa. Ndilembabe, makoma atopa kundimvera.

Kwabwera mtsikana wa kuyunivesite, aphunzitsi a Pyo. Ntchito yawo kuwerenga akatumbu a m'nyanja, amawangamawanga aja. Amajambula tsaya lamanzere la aliyense, ati mawanga a patsaya safanana. Ndawauza kuti ine ndimawasiyanitsa ndi kubuula kwawo. Aseka, koma alemba m'kabuku.

Abwera ndi mapu kuholo. Ati aliyense wa ife omatula nkhono pamiyala aloze pomwe amamatula. Ine ndaloza kuseri kwa doko, pomwe ndi mphaka yemwe amadziwa. A Jeom-rye, anzanga oyandikana nawo nyumba, diso cham'mbali: "Mai a Deok-su, chala chikunjenjemeranji?" Ndati ndi ukalamba, inu mukanakhala ndi mano bwenzi akugwedera.

Mwala wanga sindinaloze. Amaloza ndani? Apongozi anga anandiuza atatsala masiku awiri kumwalira, atatulutsa ana awo aakazi panja, poti mwana wamkazi amakwatiwa n'kupita nacho chinsinsi kwa eni ake. Kuseri kwa chithanthwe cha m'nyanja chotchedwa Msana wa Ng'ombe, pofikika nyanja ikaphweratu, kawiri pamwezi. Nkhono ngati chikhatho. Zinaphunzitsa mwana wanga Deok-su mpaka kumaliza.

22 Okutobala

A Pyo anadya kuno. Mpunga, msuzi wa ndere, tinsomba touma. Woonda mwanayu, milomo yosweka ndi mphepo, m'boti amasanza koma tsiku lililonse ulendo. Ndinawasimbira za chaka chomwe nyanja inaundana mpaka kudoko, za malemu amuna anga kulimbirana ukonde ndi katumbu, katumbu n'kupambana. Nkhani ziwiri, supuni ili m'mwamba osafika pakamwa. Ati akatumbu achepa. Miyala youma yogonapo ndi yochepa, maboti akuwadzidzimutsa, amafika nthawi yopita kumpoto kukaswa ali otopa. Ndati otopa tilipo ambiri pachilumba pano, ife atiwerenge ndani?

Msana kuwawa usiku wonse. Mankhwala omata atha.

29 Okutobala

Mapu apachikidwa kuholo. Ndinayamba ndawerenga ndekha, chilembo chimodzichimodzi, monyadira ndithu. Mzere wofiira kuzungulira Msana wa Ng'ombe. Pansi pake: PALIBE AMENE AMATOLA PANO. Aboma adzatseka kuyambira chaka chamawa, pakhale pa akatumbu okha. Msonkhano pa 12.

Bodza langa lomwe, lalembedwa ndi inki yofiira. A Pyo akumwetulira, ati, "Agogo, ndasankha poti ndisalande munthu chakudya." Ndangogwedeza mutu. Ndikanatani, a Jeom-rye ali pambali panga makutu ali tcheru?

Ndikalankhula, mudzi wonse udziwa. Ndikakhala chete, aboma atenga.

30 Okutobala

Ndaimbira mkazi wa Deok-su ku Incheon. Mwalawo ndi wake, mwambo wake ndi umenewo. Ndati mwananga, bwera ndikuonetse kanthu ndisanafe. Ati, "Mayi, musamalankhule za imfa. Nkhono kusitolo kuno zimabwera zosendasenda m'kapepala." Kumbuyo kukumveka galimoto. Wakhalidwe mwanayu, anatumiza juzi. Koma phazi lake silinapondepo ndere.

5 Novembala

Mwezi wathunthu, nyanja inaphwa cha m'mawa. Ndinawatenga a Pyo nditawalumbiritsa pa manda a makolo awo. Ati makolo awo ali moyo. Ndati lumbirani basi, adzafa.

Njira imene ndinkaidutsa dengu lili kumsana ndikuimba, lero maola awiri. Kupuma kasanu. Pakamtsinje kotsiriza anachita kundibereka, kamtsikana koonda kaja. Manyazi. Bola sanatione munthu.

Mwala ulipo. Nkhono thothotho, zina pamwamba pa zinzake. Ndati onani, lembani, apa pali mwini wake. Anagwada, kuyeza ndi kachingwe kawo, kuwerenga mizere pazigoba. Kenako motsitsa: "Agogo, pano sipanapite chitsulo chomatulira zaka zitatu. Kapena zinayi."

Ndinafuna kukalipa. Ndinawerenga m'mutu. Chaka chatha mawondo. Chinacho chibayo. Chinacho ndinabwerera pakamtsinje paja, n'kudziuza kuti mphepo yaipa. Mwezi uliwonse ndimati mwezi wamawa.

Pamwamba pa Msana akatumbu asanu ndi awiri, mimba kudzuwa, osasuntha n'komwe. Kale ankathawa akangoona mpango wanga. Andiiwala.

Ndinamatula zisanu. Dzanja linakana yachisanu ndi chimodzi.

8 Novembala

Chigonere masiku atatu. A Pyo anabwera, ati ndikanena pamsonkhano kuti ndimatola pamenepo asuntha mzere, koma mwala wina umene angatseke m'malo mwake umamira madzi akadzaza, akatumbu sagonapo. Ati sandikakamiza. Maso ofiira, nawonso sakugona.

Masana a Jeom-rye ndi phala la mpunga. Kukhala pansi osaitanidwa, monga mwa masiku onse. "Ndiye anakuberekani pakamtsinje?" Ndati mukunena chiyani. Ati, "Musadzivute. Kuseri kwa Msana wa Ng'ombe, kumanzere kwa mng'alu. Apongozi anu anali ogontha, mwaiwala? Kunong'ona kwawo kunamveka mpaka kuchitsime. Tinalipo asanu ndi mmodzi pabwalo tikutsuka kabichi."

Zaka makumi anayi ndikuzungulira njira yaitali, kubisa dengu ndi ndere, kunama kuti ndinali kudoko. Ndati nanga bwanji simunapiteko? Ati, "Unali wanu. Komanso kukuonerani mukuzemba ngati wakuba kunkatikoma."

Ndinawatukwana bwinobwino. Phala ndinamaliza.

12 Novembala

Holo yodzaza, fungo la majombo onyowa. Wapampando wa asodzi anafunsa katatu ngati alipo amene amatola pa Msana wa Ng'ombe. Amayi onse maso pa ine. Onse! Ndi akamwana omwe anakwatiwa kuno dzulodzuloli. A Pyo maso pansi, cholembera chili m'manja.

Ndinayang'ana mawondo angawa. Chete.

A Jeom-rye mokweza: "Lembani tsiku la lero pakhoma, mai a Deok-su asowa mawu!" Holo yonse kuseka. Inenso pang'ono.

Kachitsulo ka apongozi ndakapachika pamsomali. Zothira mu kimchi ya chaka chino, kabichi wathu wosunga ndi tsabola uja, ndikamatula kuseri kwa doko, tating'ono tomwe tija, pomwe ndinaloza.

Potuluka ndinawagwira mkono a Pyo. Chinthu chimodzi: pamapu, m'kati mwa mzere wofiirawo, alembe dzina la apongozi anga. Avomera, atsegula kabuku, akudikira. Ine kukamwa yasa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri nyumba imodzi, ndinkangoti Mayi, mudzi unkati agogo a Deok-su. Dzina lawolawo sindinalimvepo.

Mawa ndikafunsa a Jeom-rye. Iwo aja amamva zonse.