Zimene Tapeza M'chitseko cha Galimoto

Manjawira, Ntcheu
9 Febuluwale 2024

Okondedwa achimwene a Gracian,

Ndikukulemberani ndili wokwiya, choncho musayembekezere moni wautali. Kuno tili bwino. Chimanga chamasula.

Galimoto imene munasiya pa Khirisimasi ija yativutitsa. Mvula ikangogwa, madzi amalowa pa chitseko cha dalaivala, kapeti yonse chonyowa, fungo lake loti munthu sungakhalemo. Akazi anu a Christobel akhala akukapa madziwo ndi kapu m'mawa uliwonse, n'kumapukuta ndi chitenje chawo. Ndikawaletsa amati, "Ayi alamu, bambo asadzaipeze itachita dzimbiri."

Lachiwiri ndinapita nayo ku Boma kwa a Dyton, amakanika aja a kuseri kwa msika. Anachotsa laba yakale ya m'mbali mwa chitseko, yomwe inali itang'ambikang'ambika, n'kumata yatsopano. Atathira ndowa ya madzi padenga, madzi analowabe. Anagwedeza chitseko, tinamva madzi akukhuvuka m'kati.

"Mabowo otulutsira madzi atsekeka pansipa," anatero. "Tiyeni titsegule."

Atamasula chivundikiro cha m'kati, anatulutsa jumbo yakuda yokulungidwa ndi tepi. Ndi imene inatseka mabowowo. Anaitsegula, anangoyang'ana kamodzi n'kundipatsa maso ali kumbali.

"Achemwali, izi si za amakanika."

Achimwene, zithunzi zisanu ndi ziwiri. Inu mu suti yotuwa, mkazi wa velo pambali panu. China mwanyamula khanda, mphumi yake ngati ya malemu bambo athu. Ndi kalata ya ukwati ya ku Joni komwe muliko, ya chaka cha 2021. Zaka zitatu! Munadya nafe Khirisimasi, munatsogolera pemphero patebulo, zinthuzi zili panja m'chitseko. Mwinatu pobwerera pa basi paja munachita kuziiwala. Simuchita manyazi?

Ndiulule changa. Nditafika kunyumba a Christobel anandichingamira n'kufunsa kuti vuto linali chiyani. Ndinati, "Masamba ndi matope, alamu." Anaomba m'manja, akuthokoza. Mwandisandutsa wabodza pamaso pa munthu amene anasamala amayi athu mpaka tsiku lowaika m'manda, inu muli kutali. Chimenechi ndiye chikundiwawa kuposa zonse.

Jumboyo ili m'sutikesi mwanga. Sindiwotcha, ndipo musandiimbire foni kundipempha zimenezo. Muwaimbire a Christobel, muwauze ndi pakamwa panu lisanafike Lamulungu la mawa. Mukapanda kutero, tikatuluka m'tchalitchi ndidzawakhazika pansi ndekha, pamaso pa amalume.

Galimoto yasiya kudontha.

Mfundo, mwana wanu wa kuno, wakhoza mayeso ndipo akuti mumuuze tsiku lobwera. A Christobel aona ndikulemba. Akuti ndikupatseni moni wambiri, ndiponso kuti musamagwire ntchito pamvula opanda jekete, chifukwa chifuwa chanu amachidziwa. Ndalemba monga anenera.

Wanga moni ndausunga kaye.

Ndine mlongo wanu,
Jessie